Ampikisano ndi ongokonda liwiro pabwalo limodzi: mkangano umayambira pati?

Ku Britain malire a liwiro pamsewu waukulu ndi mamailosi 70 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 112. Koma m'masitolo a dziko lomwelo amagulitsa njinga zamoto za 1000cc zotha kufika makilomita pafupifupi 300 pa ola. Munthu amene wagula njinga yotere ndipo akufuna kuimva mphamvu yake popanda kulandidwa laisensi amalipira ndalama n'kukapatsidwa tsiku lathunthu pabwalo lenileni la mpikisano, monga Brands Hatch ku Kent, Cadwell Park ku Lincolnshire kapena Donington Park. Tsiku lotere amalitcha track day. Palibe chikho, palibe woyamba kapena wotsiriza, ndipo okonza tsikulo amanena mobwerezabwereza m'mawa uliwonse kuti pano sitikupikisana. Komabe mikangano yambiri ya masiku amenewa imachokera pa mfundo yakuti ena mwa olipirawo ndi anthu ampikisano enieni.

Mungawasiyanitse kukadali m'mawa, injini zisanalire. Wina wabwera atakwera njinga yake kuchokera kunyumba, nambala ili kumbuyo, ndipo ali kalikiliki kumata tepi pa magalasi oonera m'mbuyo ndi kuphwetsa pang'ono matayala. Madzulo njinga yomweyo iyenera kumubweza kwawo, mwinanso Lolemba ikamutule kuntchito. Pambali pake paima vani. Mwatsika njinga yopanda nyali, yopanda nambala ya msewu, yokhala ndi nambala yaikulu ya mpikisano kutsogolo. Aiimika pa zitsulo kuti matayala asagunde pansi, ndipo matayalawo awakulunga m'mabulangete amagetsi, jenereta ikulira chapansipansi. Mwini wake ali ndi kabuku kolembamo zimene wasintha pa masipuling'i. Iyeyu Loweruka likubweralo ali ndi mpikisano pabwalo lomweli, ndipo lero wabwera kudzagwira ntchito. Onsewa alipira mtengo umodzi.

Funso loyamba limene aliyense amafunsa ndi lakuti bwanji osangowapatsa masiku osiyana. Masiku a ampikisano okhaokha alipo ndithu. Amawatcha test day, ndipo kawirikawiri amafuna laisensi ya mpikisano yochokera ku bungwe la Auto-Cycle Union, lomwe lakhala likuyendetsa masewera a njinga zamoto m'dzikolo kuyambira mu 1903. Vuto ndi lakuti masikuwa ndi ochepa, ndipo ambiri amagwa Lachisanu loti mawa lake ndi mpikisano. Munthu amene wamanga injini yatsopano, kapena amene sanayendepo pa bwalo la Oulton Park ndipo mwezi wamawa akathamanga kumeneko, sangadikire tsiku lomalizalo. Amagula malo pa track day ngati wina aliyense.

Nawo okonza masikuwa sangawakane. Kubwereka bwalo kwa tsiku limodzi ndi ndalama zambiri, ndipo pamwamba pake pamafunika ambulansi, azachipatala, anthu oima ndi mbendera m'makona onse ndiponso galimoto yokatola njinga zakugwa. Ndalamazi zimatuluka kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, kaya malo adzaza kaya sanadzaze. Ampikisano ndi makasitomala obwera kawirikawiri, ngakhale mu Malichi kukuzizira, pamene wongosangalala amadikira dzuwa la Juni. Wabizinesi amene angathamangitse gulu limodzi mwa awiriwa akudziwotchera yekha nkhokwe.

Palinso nkhani ya phokoso, imene anthu akunja saiganizira koma ndi imene imapanikiza zonse. Mabwalo ambiri a ku Britain ali pafupi ndi midzi, ndipo anthu okhala m'midzimo akhala akupita kukhoti. Mu 2009 khoti la apilo linalamula kuti bwalo la Croft, ku North Yorkshire, lisapitirire masiku 40 aphokoso pachaka, anthu oyandikana nalo atadandaula. Mu 2013 kampani yoyendetsa Mallory Park, ku Leicestershire, inagwa itakangana ndi khonsolo ya m'deralo pa nkhani yomweyi ya phokoso, ndipo bwalolo linadzatsegulidwanso ndi anthu ena. N'chifukwa chake m'mawa wa track day njinga zimafola pamzere kuti aziyeze kulira kwake, ndipo m'mabwalo ambiri malire amakhala pakati pa madesibelo 98 ndi 105. Yolira kwambiri imabwezedwa kuti akaike kachitsulo kochepetsa phokoso mu ekizozi. Masiku ololedwa akachepa, mipikisano ya magalimoto ndi ya njinga imatenga gawo lake, ndipo otsalawo ndi amene anthu onse ena amagawana.

Njira yodziwika yogawanira ndi ya magulu atatu: ongoyamba, apakati ndi othamanga kwambiri. Gulu lililonse limalowa kwa mphindi pafupifupi 20, n'kutuluka kuti linzake lilowe, ndipo pofika madzulo aliyense amakhala walowa kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri ngati sipanachitike ngozi zambiri. M'mawa amayamba ndi maulendo ochepa oyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa mlangizi, popanda kupitirirana. Papepala dongosololi n'labwino. Chofooka chake ndi chakuti munthu amadzisankhira yekha gulu pogula malo, ndipo anthu sadziyeza bwino. Wina amalembetsa kwa othamanga kwambiri chifukwa njinga yake ndi yodula. Wina ndi wampikisano ndithu koma walembetsa kwa apakati chifukwa malo a gulu lachitatu anatha, kapena chifukwa akufuna kukhala ndi mnzake. Ndipo ngakhale aliyense atanena zoona, gulu lachitatu lilibe denga. Mmenemo muli munthu wamsewu waluso amene wangokwera kumene kuchokera kwa apakati, muli wothamanga m'makalabu monga Bemsee, ndipo tsiku lina mutha kupezeka munthu wa British Superbike, mpikisano waukulu wa njinga zamoto ku Britain, amene wabwera ndi njinga yake yophunzitsira thupi.

Tiyeni tiwerengere pa bwalo laling'ono la Brands Hatch, lotchedwa Indy, lomwe kutalika kwake ndi makilomita 1.9. Tinene kuti wina akulizungulira m'masekondi 50, wina m'masekondi 65. M'mphindi 20 woyambayo azungulira ka 24, wachiwiriyo ka 18. Ndiye kuti wofulumirayo amupeza ndi kumupitirira munthu mmodzi yemweyo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Chulukitsani ndi chiwerengero cha anthu oyenda pang'onopang'ono amene ali m'gululo, muona kuti kwa wampikisano nthawi yonseyo imathera pa kupitirira anthu, ndipo kwa winayo imathera pa kudzidzimuka. Liwiro palokha si limene limagwetsa anthu pamasiku amenewa. Gulu la anthu othamanga mofanana limatha tsiku lonse bwinobwino. Chowopsa ndi kusiyana kwa liwiro pakati pa njinga ziwiri zimene zikufuna malo amodzi pa sekondi imodzi. Kusiyana kwa makilomita 50 pa ola kumatanthauza kuti wakumbuyo akudya mamita 14 pa sekondi iliyonse.

Kusiyanaku sikuonekera kwenikweni pamalo owongoka, chifukwa njinga yamsewu ya 1000cc imathamanga ngati yampikisano, nthawi zina kuposa. Kumaonekera polowa m'kona. Ku Brands Hatch, ukamaliza malo owongoka oyambira umafika pa Paddock Hill Bend, kona yokhotera kumanja imene imatsetserekera pansi moti sukuona kumene ikuthera. Wongosangalala amayamba kumanga mabuleki kutali, mwaulemu, ngati mmene amachitira pamsewu, kenako n'kuwasiya asanapendeke. Wampikisano amapitirira malo amenewo mafuta akadali otsegula, n'kumanga mabuleki mwamphamvu mochedwa, ndipo amalowa nawo m'kona akuwamasula pang'onopang'ono. Akatsika ndi kukweranso chitunda, kutsogolo kuli Druids, kona yobwerera m'mbuyo. Apa wongosangalala amatsegukira kumanzere kuti akhote bwino, n'kusiya mpata mkati. Kwa wampikisano mpata umenewo ndi khomo lotsegula, ndipo thupi lake laphunzitsidwa kulowamo osaganiza kawiri. Amalowa, amakhota, amapita. Kwa iye palibe chachitika: panali malo okwanira. Koma mnzake uja waona chinthu chatulukira mwadzidzidzi pansi pa chigongono chake pamene iye amati apendeke, waimika njinga, wagwira buleki, ndipo akulunjika kumiyala ya m'mbali mwa bwalo.

Madzulo awiriwa akamafotokoza nkhaniyi palibe amene akunama. Mita imodzi ndi malo ambiri kwa munthu wozolowera kugundana zigongono ndi anzake 30 pa kona yoyamba ya mpikisano. Kwa munthu wamsewu mita imodzi ndi ngozi yopulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Lamulo limene pafupifupi okonza onse amagwirizana ndi lakuti udindo uli kwa wopitirira. Iye ndi amene akuona zonse, wakutsogolo saona kanthu. Wakutsogolo ali ndi ntchito imodzi yokha, yoyenda mzere wake osasintha. N'chifukwa chake magalasi oonera m'mbuyo amawamata tepi kapena kuwapinda, ndipo alangizi amalimbikira kunena kuti musatembenuke. Zimamveka zachilendo kuuza munthu kuti asayang'ane chimene chikubwera kumbuyo kwake, koma aliyense amene anayendapo mumsewu wa M1 wa ku Malawi amazidziwa: wanjinga yakapalasa amene akuyenda mowongoka m'mphepete, dalaivala wa thiraki amamupewa mosavuta, koma amene wamva hutala n'kutembenuka, njinga n'kuyamba kupotoka, ndi amene amaika onse pamavuto. Pabwalo, munthu waulemu amene akufuna kupatsa njira wothamanga amachoka pamzere wake pa nthawi yomwe wakumbuyo wasankha kale kudutsira mbali yomweyo.

Makampani ambiri okonza masikuwa ku America amachita kulemba malamulo a kupitirirana malinga ndi gulu. Kwa ongoyamba amalola kupitirira pamalo owongoka pokha kapena chakunja kwa kona, ndipo ena amatchula mpata wa mapazi 6 pakati pa njinga ziwiri. Amakhalanso ndi okwera awoawo ovala malaya owala amene amayenda m'gulu, kuona amene akuchita zosayenera ndi amene wayenera kukwezedwa. Ku Britain kawirikawiri amangoti pitirirani mwaulemu ndipo siyani malo, kenako n'kudalira anthu a mbendera kuti anene wosokoneza. Woteroyo amamuonetsa mbendera yakuda kuti atuluke akalankhule naye. Ine ndimaona kuti njira yolemba lamulo momveka ili bwino kwa magulu awiri oyamba, chifukwa mawu akuti ulemu aliyense amawamva mwake, ndipo wampikisano amakhulupirira moona mtima kuti anali waulemu.

Matayala amawonjezera vuto pa mphindi zoyambirira. Mabulangete amagetsi aja amatenthetsa tayala kufika madigiri pafupifupi 80, ndipo tayala losalala lampikisano limagwira bwino likakhala lotentha chonchi. Mwini wake akatuluka ayenera kuthamanga nthawi yomweyo, apo ayi lizizira n'kuyamba kuterera. Wamatayala amsewu amatuluka nawo ozizira ndipo amafunika kuzungulira kamodzi kapena kawiri modekha kuti atenthe. Onsewa akutulukira pachipata chimodzi, wina akufunika kufulumira kuti akhale wotetezeka, wina akufunika kudekha pa chifukwa chomwecho. Okonza ena anzeru amangouza a mabulangete kuti afole kutsogolo, ndipo zimenezi zokha zimachotsa kupitirirana kwambiri kosafunikira.

Tisaganize kuti odandaula ndi ongosangalala okha. Ampikisano ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka kwambiri. Malamulo a mpikisano amawakakamiza kumanga ndi waya kabawuti kotsekera oyilo kuti kasamasuke, kuika chotengera pansi pa injini choti chigwire oyilo akatayika, ndiponso kuthira madzi wamba mu ladiyeta m'malo mwa mankhwala oletsa madzi kuundana, omwe amaterera kwambiri akatayikira pa phula. Njinga yamsewu kawirikawiri ilibe zonsezi. Ikagwa kapena ikaphulika paipi, imasiya mzere woterera pamalo pomwe wina akubwera atapendeka bondo lili pansi. Kuwonjezera apo, munthu wosazolowera amachita zinthu zosayembekezereka. Amatseka mafuta pakati pa malo owongoka chifukwa watopa. Amalowera kotulukira osakweza dzanja kapena kutulutsa mwendo kuti akumbuyo adziwe. Potuluka kulowa m'bwalo amadumpha mzere woyera umene umamusiyanitsa ndi amene akubwera pa liwiro lonse. Ndipo pali mtundu wina umene ampikisano a njinga zazing'ono amadana nawo kwambiri: munthu wa njinga yamphamvu amene amakwawa m'makona, koma pakangowongoka amatsegula mafuta onse n'kudutsanso amene anangomupitirira. Wa 600cc amatsekeredwa kumbuyo kwake kona ndi kona, mpaka mtima umamukwera n'kulowa mpata umene sakanayenera kulowa.

Pansi pa zonsezi pali ndalama za ngozi. Inshuwalansi yamsewu kawirikawiri sigwira ntchito pabwalo, ndipo mwambo wa masikuwa ndi wakuti aliyense amakonza yake, kaya walakwa ndani. Wampikisano anavomereza kale kuti kugwa ndi gawo la masewera. Zophimba za njinga yake ndi zotchipa, zosinthika msanga, ndipo mu vani muli zigwiriro ndi zopondera zapadera. Akagwa m'mawa, masana amakhala atabwerera. Winayo njinga yake mwina akulipirabe ngongole mwezi ndi mwezi, ndipo zophimba zake zochokera kufakitale zimadula kuposa masiku angapo a pabwalo. Anthu awiri amene kugwa kumawatengera ndalama zosiyana chonchi sangaone mpata umodzi ndi maso ofanana.

Pali kachipangizo kamodzi kamene kanachokera ku mpikisano n'kufika kwa onse. Mu 2006, pa kona yoyamba ya mpikisano wa dziko lonse wa MotoGP ku Catalunya, ku Spain, chogwirira buleki yakutsogolo ya Sete Gibernau chinakhudza njinga ya Loris Capirossi, tayala lakutsogolo n'kumangika, ndipo panagwa okwera angapo. Patapita zaka, kachitsulo kotchinga chogwirira buleki kanakhala lamulo m'mipikisano, ndipo lero okonza ma track day ambiri ku Britain amakafunanso pa njinga iliyonse. Ndi kuvomereza mwakachetechete kuti njinga zimayandikana mpaka kukhudzana ngakhale pa tsiku limene amati si la mpikisano.

Chimene ndimachiona chosokonekera kwambiri ndi nkhani ya wotchi. Pa masiku ambiri otere ku Britain kuyeza nthawi n'koletsedwa, chifukwa inshuwalansi ya okonza imadalira kuti chochitikacho si mpikisano. Maganizo ake ndi omveka: munthu wothamangitsana ndi wotchi amaiwala anzake. Koma aliyense amadziwa kuti ampikisano ali ndi timakina tojambula ulendo wonse, ndipo ngakhale foni ya m'thumba imatha kuyeza. Ndiye lamulolo silimaletsa wofuna kuyeza, limangolanda okonza chida chokhacho chimene chikanawathandiza kugawa anthu moona. Ku Spain ndi ku Portugal, pa mabwalo monga Almería, Cartagena ndi Portimão, kumene a ku Britain omwewo amatumiza njinga zawo pa mathiraki nthawi yozizira, kawirikawiri njinga iliyonse amaipachika kachipangizo koyeza nthawi. Pakatha theka la tsiku kapena tsiku loyamba, magulu amawagawanso potsata manambala. Wodzikweza amatsitsidwa, wodzichepetsa amakwezedwa, ndipo palibe chokangana chifukwa pepala lili pakhoma. Njirayi ili ndi vuto lake, poti ena amayamba kudzikakamiza kuti asatsitsidwe, ndipo nthawi yofanana sitanthauza kuti anthu awiri amayenda mofanana m'makona. Koma imachepetsa chinthu chenicheni chowopsa chija, kusiyana kwa liwiro, ndipo sifunsa ngati munthu ali ndi laisensi ya mpikisano kapena ayi. Laisensi imanena zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Wampikisano wongoyamba, wovala kajekete ka olenji kosonyeza kuti ndi watsopano, akhoza kusiyidwa kutali ndi munthu wazaka 55 amene sanapikisanepo koma wakhala akubwera pabwalo lomwelo kwa zaka zambiri.

Okonza ena amayesa njira yogawa ndi mtundu wa njinga, n'kukhazikitsa masiku a njinga zamsewu zokhazokha: nambala ikhalepo, matayala akhale amsewu, mabulangete amagetsi ayi. Masiku amenewa amakopa anthu amene amaopa kubwera, ndipo phokoso lake limakhala lochepa, zomwe zimakondweretsa a m'midzi yoyandikana. Koma ndi ochepa pa kalendala, ndipo sathetsa funso la gulu lachitatu pa masiku ena onse.

Kumene kusakaniza kunafika pamapeto ndi ku Germany, pa Nordschleife ya ku Nürburgring, njira ya makilomita 20.8 yodutsa m'nkhalango za Eifel. Kwa zaka zambiri, pa nthawi zotsegulira anthu wamba, aliyense wolipira ankalowa ndi galimoto kapena njinga yamoto yololedwa pamsewu, popanda magulu, motsata malamulo a pamsewu a dzikolo, kupitirira kukhala kwa kumanzere kokha. Galimoto imamanga mabuleki mochedwa ndipo imakhota mwachangu kuposa njinga, njinga imathawa pamalo owongoka, ndipo galimoto ikataya oyilo kapena madzi wovulala kwambiri ndi wanjinga. Mu 2025 oyendetsa bwaloli analetsa njinga zamoto pa maulendo a anthu wambawa, ponena kuti mayendedwe a ziwirizi ndi osiyana kwambiri. Anjinga anawasiyira masiku ochepa ophunzira motsogozedwa ndi alangizi, ndipo ambiri mwa iwo anakwiya poona kuti pa magulu awiriwo, amene anachotsedwa ndi amene amavulala.